Tiyambe kuyeza madzi obisala m'thupi la boti

Munthu akafuna kugula boti logwirapo kale ntchito pa doko la ku Mangochi, Senga Bay kapena Nkhata Bay, mafunso ake sachuluka. Amafunsa za injini, amazungulira botilo kuona ngati pali mng'alu, amapempha kuti alikankhire m'madzi aone ngati likuchucha, kenako nkhani imasanduka ya mtengo. Boti likakhala la faiba mafunso amachepa kuposa pamenepo, chifukwa m'mphepete mwa nyanja muli chikhulupiriro chozika mizu chakuti faiba siiwola. Chikhulupirirochi n'choona theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limadyera anthu ndalama, nthawi zina n'kuika miyoyo pachiswe. Madzi amene amalowa poonekera, mnyamata n'kumawakapa ndi chigubu chodula pakati, aliyense amawadziwa ndipo amawaopa. Koma alipo ena amene amalowa m'kati mwa khoma lenilenilo n'kukhala mommo zaka, kunja penti akunyezimira. Maganizo anga ndi akuti ntchito yoyendera maboti m'dziko muno iyambe kugwiritsa ntchito choyezera chinyontho, kachipangizo kogwira m'manja kamene oyendera maboti a ku Britain, America ndi South Africa amayenda nako tsiku ndi tsiku. Chibwere, koma ndi lamulo limodzi lolimba: nambala imene chaonetsa ikhale poyambira kufufuza, chigamulo chikhale cha munthu wodziwa ntchito.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa mmene boti la faiba limapangidwira. Amisiri amayala ulusi wagalasi m'chikombole n'kuunyowetsa ndi utomoni wa polyester, umene ukauma umalimba gwa. Kunja kumakhala kachikopa kosalala kotchedwa gelcoat, kosakwana ngakhale milimita imodzi kuchindikala kwake. Maboti otere anayamba kupangidwa mwaunyinji m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo anawatamanda chifukwa chomwecho, chakuti safuna chisamaliro chochuluka ngati a matabwa. Koma faiba ikakhala yopyapyala imapindika. Kuti popondapo pasamawame, ndiponso kuti khoma lakumbuyo lipirire injini, amisiri amaika chinthu china pakati pa zigawo ziwiri za faiba: pulayiwudi, mtengo wopepuka wa balsa, kapena siponji yolimba ya pulasitiki. Apa ndi pamene pagona vuto. Boti limene tikulitcha la faiba nthawi zambiri limakhala ndi mtengo m'kati, ndipo mtengowo uli pamalo ofunika mphamvu kuposa ena onse. Injini ya 40 horsepower imalemera makilogalamu oposa 60, ndipo kulemera konseko, pamodzi ndi kukankha kwake ndi kunjenjemera kwake, kumathera pa khoma lakumbuyo. Aliyense amene waboola khomalo kuti amange bawuti, kapena waboola pansi kuti akhomere mpando, chogwirira kapena nyali, watsegulira madzi njira. Guluu womatira pabowopo amakalamba ndi dzuwa, amang'ambika, madzi n'kuyamba kulowa dontho ndi dontho. Akalowa satulukanso, chifukwa faiba yawatsekera uku ndi uku, mphepo ndi dzuwa siziwafika. Mtengo uja umayamba kuvunda mwakachetechete. Amene anamasulapo bawuti pa khoma lotere amadziwa chimene chimatuluka: timadzi tabulauni tonunkha, totsetsereka pa gelcoat woyera, ndipo ukapisa msomali m'bowomo umangolowa wopanda chouletsa.

Palinso vuto lina losakambidwa kawirikawiri, la kulemera. Maboti ambiri ang'onoang'ono amadzazidwa siponji yolimba pansi pa popondapo kuti akagubuduzika asamire msanga. Siponjiyo ikakhala m'madzi zaka zambiri imayamba kumwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye tiyerekeze boti limene lamwa malita 200. Boti limenelo lanyamula kale anthu akuluakulu atatu lisanakwere ndi mmodzi yemwe. Limakhala lotsika m'madzi, limachedwa kudzuka pa funde, limamwa mafuta ambiri, mwini wake n'kumadzudzula injini kapena makanika. Choipitsitsa n'chakuti chinthu chimene anachiika kuti chidzaliyandamitse pa tsiku la ngozi chasiya ntchito yake, ndipo palibe akudziwa.

Ndiye pali matuza. Utomoni wa polyester sutchinga madzi kotheratu. Timadzi tochepa kwambiri timadutsa gelcoat, n'kukapeza timipata tosiyidwa ndi mpweya popanga botilo, momwe muli zotsalira za mankhwala zimene zimasungunuka. Zikasungunuka zimakoka madzi enanso, mwa njira imene asayansi amaitcha osmosis, mpaka kachikopa kaja katukuka. Ukaboola thuza lotere mumatuluka timadzi toterera tonunkha viniga. Vutoli linasautsa eni maboti a ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, moti akatswiri awiri a pa University of Rhode Island, Thomas Rockett ndi Vincent Rose, anachita kafukufuku wofufuza gwero lake. Chimene chikutikhudza ife ndi ichi: osmosis imathamanga kwambiri m'madzi opanda mchere kusiyana ndi a m'nyanja zamchere, ndipo imathamanganso madzi akakhala ofunda. Nyanja ya Malawi ili ndi zonse ziwiri. Madzi ake ndi opanda mchere, ndipo apamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 pafupifupi chaka chonse. Kuwonjezera apo, kwa anzathu ozizidwa aja maboti ambiri amawatulutsa m'madzi nyengo yachisanu, n'kukhala miyezi akuuma pamtunda, pamene kuno boti lopezera ndalama silipuma. Ndinene mosabisa kuti matuza paokha samiza boti kawirikawiri, ndipo kunja kuja anthu ambiri anawononga ndalama zochuluka chifukwa cha mantha chabe. Koma matuza ndi umboni woti madzi apeza njira, ndipo boti limene lawalola kulowa pansi liyenera kufufuzidwa bwino kumbuyo ndi popondapo.

Wina anganene kuti zonsezi n'za maboti a malo ogona alendo ndi a mabungwe, pomwe asodzi a usipa ndi utaka amayendera maboti a matabwa ndi mabwato osema. Zoona, koma mtengo ndiye umene choyezera chinyontho chimaudziwa bwino kuposa china chilichonse. Chimene chimavunditsa thabwa ndi tinthu tamoyo ta m'gulu la bowa, ndipo timafuna zinthu zitatu: chinyontho, mpweya ndi kufunda. Thabwa limene chinyontho chake chili pansi pa maperesenti 20 silivunda. Likamayandikira maperesenti 30 n'kukhalitsa pamenepo, tinthuto timayamba kudya. Thabwa lomira m'madzi nthawi zonse limachedwa kuvunda chifukwa mpweya sulifika. Malo oopsa ndi a pakati, onyowa koma opuma mpweya: pamene nthiti za boti zakhudzana ndi matabwa, pansi pa mipando, m'makona momwe madzi a mvula amadikha, ndiponso kunsonga kwa matabwa kumene mtengo umamwa msanga. Apanso madzi athu satithandiza. Mchere umafooketsa tinthu tovunditsa mtengo, n'chifukwa chake opanga zombo za matabwa akale ankathira mchere pakati pa nthiti za zombo zawo. Ife mchere woterowo m'nyanja tilibe. Ndipo pamene mlombwa ndi mbawa zikusowa n'kukwera mtengo, amisiri ambiri akukakamizika kugwiritsa ntchito mitengo yofewa, yosapirira chinyontho ngati yakale ija. Mmisiri woyeza matabwa asanawakhomere angathe kudziwa ngati auma mokwanira, chifukwa thabwa laliwisi likakhomedwa limadzauma lili pa boti, n'kunyala, mipata n'kutseguka, penti n'kukana kugwira.

Nanga kachipangizoka kamagwira ntchito bwanji? Kalipo ka mitundu iwiri. Koyamba kali ndi timisomali tiwiri tolasa m'thabwa, ndipo kamayeza mmene magetsi akudutsira pakati pa timisomalito: thabwa lonyowa limalola magetsi kudutsa mosavuta, louma limakaniza. Kameneka n'koyenera mitengo, koma pa faiba sikathandiza, ndipo palibe mwini boti angalole kuti mumuboolere gelcoat mbali zonse. Kachiwiri sikaboola. Mumangokakhazika pa khoma, iko n'kutumiza mphamvu yochepa ya magetsi yolowa m'kati sentimita imodzi mpaka zitatu, n'kumva mmene khomalo layankhira. Chinsinsi chake n'chakuti madzi amasunga mphamvu yotereyi kwambiri kuposa zinthu zina. Pa muyeso umene mpweya uli pa 1, faiba youma ndi thabwa louma zimakhala pansi pa 5, pamene madzi ali pafupifupi pa 80. Kusiyana kwakukulu chonchi ndi kumene kumachititsa kuti madzi ochepa chabe asunthe muvi wa kachipangizoka. Zipangizo za makampani monga Tramex ya ku Ireland, Sovereign ya ku Britain, Protimeter, komanso Electrophysics ya ku Canada, zimatsata mfundo yomweyi, ngakhale kuti chilichonse chili ndi manambala akeake.

Kuyeza chinyontho si chinthu chachilendo kwa Mmalawi. Mlimi aliyense amadziwa kuti ADMARC siyamba kugula chimanga mpaka chinyontho chake chitatsika kufika pa maperesenti pafupifupi 13, chifukwa chimanga chonyowa chimalemera ndi madzi pa sikelo ndipo chimakawola mosungira. Palibe amene amati kuluma njere ndi mano n'kokwanira pogula matani ambiri. Koma kufanana kwake kumathera pomwepo, ndipo m'pofunika kutsindika. Choyezera chimanga chinakonzedwera chimanga, ndiye nambala yake ndi kuchuluka kwenikweni kwa madzi m'njere. Choyezera cha pa boti la faiba chikaonetsa 20 kapena 25, sichikunena kuti gawo lotero la khomalo ndi madzi. Faiba yonyowa kwambiri imasunga madzi ochepa zedi, osapitirira maperesenti 2 kapena 3 a kulemera kwake. Nambala ija ndi yongoyerekeza, yothandiza kusiyanitsa malo awa ndi awo pa boti lomwelo, ndi chipangizo chomwecho, tsiku lomwelo. Munthu wosadziwa zimenezi akagwira kachipangizoka amakhala woopsa kuposa wopanda kanthu m'manja.

Apa ndi pamene pamachokera chitsutso champhamvu kuposa zonse, ndipo chimachokera kwa akatswiri enieni a maboti, osati kwa anthu wamba. Iwo amati choyezera chinyontho chimanama. Ali ndi zifukwa. Kachipangizoka sikaona madzi, kamangomva chilichonse choyankha magetsi ngati mmene madzi amayankhira. Chitsulo cholimbitsira bawuti kuseri kwa khoma, thanki ya mafuta, waya wa batire, penti wa pansi pa boti wokhala ndi mkuwa, ulusi wa carbon, zonsezi zimakweza muvi. Madzi odikha pansi m'kati mwa boti amaukwezanso, ngakhale khoma lenilenilo lili louma. Mame a m'mawa nawo amanamiza. Boti longotuluka kumene m'madzi limaonetsa manambala okwera, amene amatsika pakapita masiku. Ndipo bodza limathanso kupita mbali inayo: khoma likakhala lochindikala, madzi ali kutali m'kati, muvi sungasunthe, woyeza n'kunena kuti zonse zili bwino. Kunja kuja malonda ambiri a maboti abwinobwino anafa chifukwa cha nambala yosamvetsetsedwa, ndipo maboti ena anasendedwa gelcoat yense popanda chifukwa chokwanira.

Zonsezi ndikuzivomereza, koma sizikufika pa mfundo yoti chipangizochi chitayidwe. Zikungotiuza mmene chiyenera kugwiritsidwira ntchito, ndipo njirayo ndi yodziwika. Boti litulutsidwe m'madzi, litsukidwe, madzi a m'kati akapidwe onse, lipatsidwe nthawi youma kunja. Woyeza ayambe ndi malo amene akudziwa kuti ndi ouma, monga m'mbali chakumwamba kumene madzi safika, kuti apeze poyerekezera. Kenako ayende ndi kachipangizoka pang'onopang'ono, akulemba manambala ndi choko pa khoma lomwelo. Chofunika si nambala imodzi koma chithunzi chimene manambala onse akupanga. Chitsulo chobisika chimaonetsa malire akuthwa: muvi umakwera mwadzidzidzi n'kutsikanso mwadzidzidzi, m'maonekedwe a chitsulocho, ndipo kusuzumira kuseri kumathetsa nkhani. Madzi amaonetsa mosiyana: nambala imakwera kwambiri pafupi ndi bawuti kapena mng'alu, n'kumatsika pang'onopang'ono pamene mukutalikira, kawirikawiri motsetserekera pansi. Malo okayikitsa akapezeka, pamabwera hamala yaing'ono. Khoma lolimba likagogodwa limalira mokweza kuti ngwe ngwe, pomwe malo amene faiba yalekana ndi mtengo wa m'kati amangoti phu phu. Choyezera ndi hamala zikagwirizana, umboni wotsiriza ndi kuboola kabowo kakang'ono kuchokera m'kati, mwini wake atavomera, n'kuona zotuluka. Utuchi woyera, wouma, wonunkhira mtengo, ndiye kuti mphamvu ilipo, kabowoko n'kumatidwa. Ukatuluka wakuda, womata pa chala, wotulutsa madzi ukaufinya, palibenso chokangana.

Ena adzati ngati hamala ndi khutu zimagwira ntchito, choyezera n'chachiyani? Amisiri a ku Mpwepwe ndi a m'madoko ena akhala akugogoda maboti kwa zaka zambiri, ndipo luso lawo si loti munthu alipeputse. Yankho langa lili pa nthawi. Hamala imamva khoma limene lalekana kale kapena mtengo umene wavunda kale. Pakati pa tsiku limene madzi alowa ndi tsiku limene mtengo wafooka pamadutsa miyezi yambiri, mwinanso zaka, ndipo nthawi yonseyo khoma limalira bwinobwino. Choyezera chimaona madzi m'nyengo imeneyo, pamene kukonza kwake n'kumasula mabawuti, kuumitsa, n'kumatanso bwino ndi guluu woyenera. Mukadikira kuti hamala imve, ntchito yasanduka yodula khoma lonse lakumbuyo n'kumanganso, ndalama zake zoti eni maboti ambiri sangazipeze msanga, ndiye amangopitiriza kuliyendetsa akupemphera. Chachiwiri, zimene khutu la mmisiri lamva zimapita ndi mmisiriyo. Manambala olembedwa pa pepala amatsala. Boti likayezedwa chaka chino n'kuyezedwanso chaka chamawa ndi chipangizo chomwecho, aliyense angathe kuona ngati malo onyowa akukula. Khutu ndi choyezera sizikupikisana, chimodzi chimayamba, chinacho chimatsimikiza.

Chitsutso china n'cholemera chifukwa chimakhudza imfa. Otsutsawo amati chimene chimapha anthu pa madzi athu ndi kudzaza boti mopyola muyeso, kusowa kwa majekete oyandamitsa, ndi mwera, osati chinyontho. Mbiri ikuwavomereza. Sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 n'kupha anthu 145, inali yachitsulo, ndipo inagonja ku mphepo ndi mafunde. Boti limene linagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi mu Epulo 2017, litanyamula anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka, linali lodzaza kwambiri. Choyezera chinyontho sichikanaletsa ngozi zimenezi, ndipo aliyense wonena kuti chikanatero akunama. Ngati boma lili ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha, ligule majekete ndi kuika anthu owerenga okwera pa doko. Koma tiganize bwino za mawu oti kudzaza mopyola muyeso. Chiwerengero cha anthu ololedwa kukwera chimawerengedwa pa boti louma, la khoma lolimba. Boti lomwa madzi limatha kukhala lodzaza mopyola ngakhale woyendetsa atatsatira chiwerengero cholembedwa pambali. Ndipo mwera ukawomba, kuyambira Meyi mpaka chakumapeto kwa Ogasiti, ndi pamene khoma lakumbuyo limayesedwa mphamvu: boti likudumpha mafunde, injini ikugwedezeka ndi kulemera kwake konse. Khoma lovunda likagonja pa nthawi yotere, boti limataya injini ndi kutsegukira madzi nthawi imodzi, lili pakati pa nyanja yozama mamita pafupifupi 700 kumpoto kwake. Ngozi zambiri sizibwera ndi chifukwa chimodzi, ndipo pa zifukwa zonse, ichi ndi chimene tingachipeze boti lili pamchenga, kunja kuli bata.

Tikumbukirenso maboti opulumutsira anthu pa madzi osefukira ku Nsanje ndi Chikwawa. Boti lotere limatha miyezi yambiri likudikira, ndipo likasiyidwa chagada panja, kabowo kotulutsira madzi katatsekedwa, limasanduka chosungira madzi a mvula. Tsiku limene Shire kapena Ruo wasefukira, monga zinachitikira mu Januwale 2015 ndi nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, si tsiku loyambira kufunsa ngati khoma lakumbuyo lingapirire injini.

Yatsala nkhani ya mtengo ndi ya khalidwe la anthu. Choyezera chabwino cha pa faiba chimagulidwa madola mazana angapo, ndipo palibe nzeru youza msodzi aliyense kuti agule chake. Sichifunikanso tsiku ndi tsiku: boti kuyezedwa kamodzi pachaka, komanso pamene likugulitsidwa, n'kokwanira. Malo ake oyenera ndi m'manja mwa oyendera maboti a nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, amene lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995 linawapatsa kale udindo wolembetsa ndi kuyendera maboti, komanso m'malo okonzera maboti. Sukulu ya za maulendo a pamadzi ya ku Monkey Bay ndi ya zausodzi ya ku Mpwepwe zingathe kuphunzitsa kagwiritsidwe kake m'masabata ochepa. Choyezera matabwa cha timisomali chija n'chotchipa kwambiri, moti gulu la amisiri pa doko limodzi lingasonkherane n'kugula. Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mtengo ndi china. Tikudziwa chimene chimachitika m'dziko muno chipangizo choonetsa nambala chikafika m'manja mwa munthu wokhala ndi mphamvu yoletsa mnzake kugwira ntchito. Kachipangizo kamene muvi wake ungakwezedwe pongokakhazika pafupi ndi chitsulo n'kosavuta kudyera anthu. Wogula wochenjera angathe kukagwiritsa ntchito pogwetsa mtengo wa boti labwino, ndipo woyendera wadyera angathe kumaopseza nako eni maboti kuti amupatse kangachepe. N'chifukwa chake lamulo lija la kayezedwe liyenera kulembedwa, osati kungonenedwa: boti lisakanizidwe chiphaso chifukwa cha nambala yokha, popanda kugogoda ndi kuona m'kati, muyeso uchitike mwini wake ali pomwepo, apatsidwe pepala losonyeza malo oyezedwa, manambala, mtundu wa chipangizo ndi masiku amene botilo lakhala pamtunda, ndipo akhale ndi ufulu wopempha kuti wina ayezenso. Lamuloli litetezenso mbali inayo, kuti nambala yotsika isakhale chifukwa chopatsira chiphaso boti limene khoma lake likugwedera injini ikakankhidwa ndi manja.

Phindu lina la kuyeza limaonekera pokonza. Chizolowezi chofala m'madoko ndi kumata faiba yatsopano pamwamba pa malo owonongeka, kapena kukuta boti la matabwa lokalamba ndi faiba kuti lisiye kuchucha. Khoma likakhala lonyowa, utomoni sugwira bwino, ndipo chinyontho chimatsekeredwa m'kati momwe chimapitiriza kuvunditsa, tsopano mosaoneka n'komwe. Mwini boti amalipira, amaona kusalala, amakhutira, pakatha nyengo imodzi kapena ziwiri chigambacho n'kuyamba kusupuka. Mmisiri wokhala ndi choyezera angathe kudikira mpaka manambala atatsika n'kuima, ndipo tili ndi mwayi umene a ku Ulaya amaulipira ndalama zambiri pogula nyali zotenthetsa ndi mahema: dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limaumitsa kwaulere, bola malo onyowawo atsegulidwe kuti madzi apeze potulukira. Kudikirako kumawawa kwa munthu amene boti lake ndi limene limadyetsa banja, koma amawawidwa kamodzi m'malo molipira ntchito imodzimodzi kawiri.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu oona za maulendo a pamadzi: yambani ndi maboti onyamula anthu, a zipatala ndi opulumutsira anthu, gulani zoyezera zochepa, phunzitsani oyendera anu, ndipo lembani malamulo a kayezedwe chipangizo choyamba chisanafike pa doko. Ndipo inu amene mukufuna kugula boti la faiba logwirapo ntchito, musapereke ndalama lili m'madzi. Litulutseni, likhale pamtunda masiku angapo, pezani wodziwa kuyeza, ndipo pemphani wogulitsayo kuti amasule bawuti limodzi la kumunsi kwa khoma lakumbuyo inu mukuona. Akakana, kafuneni boti lina.